Katochi ka Mayi Jadwiga

Makiyi akufunika Lachisanu.
A Kubiak, eni nyumba, anenera pakhomo,
mphuno atatsina ndi zala ziwiri:
"Pepani ndi zovutazi. Koma fungoli lichoke."

Ndiye ndagwada, ine Dorota, mwana wa malemu Ludwik,
pansanjika yachinayi muno mu Gdańsk,
ndowa kudzanja lamanja, mulu wa matawulo akale kumanzere.
Fafik ali pansi pa tebulo, chibwano pamiyendo,
akundilonda ndi diso limodzi lomwe likuonabe.

Mayi Jadwiga a khomo linalo andipatsa malamulo.
Usakhule, umangokankhira mkodzo m'kati mwa ulusi.
Yala tawulo, ponda, dikira, sintha lina.
Madzi akhale ozizira, otentha amaphika fungo
mpaka limange maziko.
Viniga kapu imodzi, madzi kapu imodzi,
kenako soda, uwaze osaumira,
ukagone, mawa ukoke ndi makina.
Potuluka andifumbatitsa katochi kowala mofiirira.
"Uthimitse magetsi," atero. "Aka sikasunga chinsinsi."

Ine ndimadziwa banga limodzi lokha, la pafupi ndi mpando.
Ndathimitsa. Ndayatsa katochi.

Mayo ine.

Kapeti yonse ili waliwali mumdima,
mabanga ena aakulu ngati mbale,
ena timadontho tondondozana
kuchokera pa mpando wa bambo kulunjika kuchitseko.
Pachitseko penipenipo ndiye dziwe:
banga pamwamba pa banga,
la Disembala litagonedwa ndi la Febuluwale.

Apa ndi pomwe ankadikirira.

Masitepe makumi asanu ndi limodzi kudza anayi,
nyumba yopanda chikepe.
Lamulungu lililonse ndinkaimba foni ndili ku Poznań:
"Mukumatsika naye?"
"Katatu pa tsiku, mpaka kumtsinje wa Motława.
Miyendo yangayi ndi chitsulo, mwanawe."
Ndinkavomera,
poti kuvomera kunali kotchipa kuposa tikiti ya sitima.

Ndayendetsa chikhatho pamabangawo.
Ulusi unasosoka, unagonera mbali imodzi.
Ankakhula, bambo anga,
atagwada ndi mawondo otupa aja,
ndi madzi otentha, ndi sopo wotsukira mbale,
kuphwanya lamulo lililonse la Mayi Jadwiga.
Sindikudziwa ankadzuka bwanji.
Mwendo umodzi wa tebulo ukugwedera,
ndipo penti yake inatha pogwira dzanja.

Ndathira viniga. Akulasa m'maso, bola,
pali chonamizira.
Tawulo loyamba lanyamuka lachikasu, lachiwiri chimodzimodzi,
lachisanu ndi chitatu layamba kuyera.
Ndikupondaponda ndi zidendene
ngati ndikuvina gule wopanda ng'oma,
wotchi ya kukhitchini ikundiwerengera.

Pamene ndikuwaza soda, kunja kwayamba kugwa chipale chofewa.
M'nyumba mbee, pawindo mbee.

Fafik watuluka pansi pa tebulo.
Wanunkhiza apa, wanunkhiza apo, wayetsemula.
Zonse zomwe analemba m'nyengo yozizira ndamufufutira,
fungo la mbuye wake lapita nazo limodzi.
Waima kanthawi, mchira uli pansi,
kenako tseketseke kudutsa pasoda,
mapazi ake kudinda njira yomwe ija
mpaka pachitseko. Wakhala.
Sakuuwa. Anasiya kale kupempha mokweza.

Ndavala chikhoti cha bambo, m'thumba muli lamba wake,
ndamunyamula ngati mwana wodwala.
Akulemera kuposa mmene amaonekera.
Pa sitepe ya makumi atatu ndapumira kukhoma,
mtima wake ukugunda pa dzanja langa.

Panja, pa mtengo wa magetsi woyamba,
wakweza mwendo, wadzandira, wautsitsa,
wangonjuta ngati kamwana ka galu.
Nthunzi ikukwera pachipale.
Akuchedwa. Zala zanga zachita dzanzi.
Pamwamba, windo la Mayi Jadwiga layaka,
ndipo sindinawafunse
kuti iwo anadziwa liti.